Potaziyamu mu thanki ya nsomba ndi zomera: werengani thumba musanathire

Funso limene ndimalandira kawirikawiri kwa oweta nsomba zokongoletsa m'mathanki a galasi ndi lakuti: kodi ndikathira feteleza wa potaziyamu kuti zomera zikule, nsomba zanga sizifa? Yankho langa n'lakuti potaziyamu payekha, pa mlingo umene zomera zimafuna, sapha nsomba. Zimene zimapha ndi zinthu zina zomwe zabwera naye m'thumbamo, komanso kuthira mongoyerekeza ndi maso.

Potaziyamu si mlendo m'madzi. M'nyanja ya Malawi muli pafupifupi mamiligalamu 6 pa lita iliyonse, ndipo mbuna zimaswana bwinobwino mmenemo. Ya Tanganyika ili ndi oposa 30. Oweta zomera za m'madzi ambiri amafuna mamiligalamu a pakati pa 5 ndi 20 pa lita. Mwaona kuti sitinatuluke m'malire a zimene nsomba zinazolowera.

Nanga n'chifukwa chiyani amachepa mu thanki? Chakudya cha nsomba ndi zitosi zake zimapereka nayitrojeni ndi fosiforasi wokwanira ndithu, koma potaziyamu ndi wochepa. Zomera zikachuluka zimamumaliza. Mudzazindikira poona masamba akale: amayamba timabowo ngati tobaya ndi singano, m'mphepete mwake mumachita chikasu, kenako tsamba limafota. Zomera za mtundu wa Hygrophila n'zimene zimafulumira kudandaula. Yang'anani masamba akale, chifukwa chomera chimasamutsa potaziyamu kuchoka ku tsamba lokalamba kupita ku nsonga. Ngati opiringizika ndi masamba anthete, vuto ndi lina, ndipo kuwonjezera potaziyamu sikungathandize.

Apa ndiye pofunika tikhalitsepo. Feteleza wa kumunda asayandikire thanki yanu. Wa chimanga uja wolembedwa 23:10:5 (manambalawa amaimira nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu motsatizana) ali ndi potaziyamu pang'ono chabe, koma nayitrojeni wake ndi wochuluka, ndipo gawo lalikulu ndi amoniya kapena yuriya amene amasanduka amoniya m'madzi. Amoniya amawotcha ziwalo zopumira za nsomba. Ululu wake umakula madzi akakhala ofunda ndiponso pH (muyeso wa asidi m'madzi; ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) ikakwera, ndipo thanki ya mbuna imakhala yotero kumene, pH yake cha pa 8. Wakale uja wa 23:21:0 ndiye mulibiretu potaziyamu. Nambala yomaliza ndi ziro. Munthu angaphe nsomba zonse, zomera zake osapeza n'komwe chimene amafuna. Zimandiwawa ndikamva zotere, chifukwa mwini wake amakhala atachita ndi mtima wabwino.

Musathirenso phulusa kapena chidulo. Inde muli potaziyamu, n'chifukwa chake chimafewetsa thelere, koma chimakweza pH mwadzidzidzi ndipo simungadziwe mphamvu yake. Chinanso, ku famase amagulitsa potassium permanganate, timibulu tosandutsa madzi kukhala apepo. Dzina lisakupusitseni. Ameneyo ndi mankhwala ophera tizilombo, si chakudya cha zomera, ndipo amapha mabakiteriya abwino a mu fyuluta pamodzi ndi nsomba akachuluka.

Woyenera kugula ndi potassium sulphate woyera, wosungunuka yense m'madzi, wosasakaniza ndi china. Pafupifupi magawo 45 pa 100 alionse a ufawo ndi potaziyamu. Potassium chloride amathekanso, koma pewani wofiira wa kumunda uja, pakuti amakhala ndi zitsotso komanso amamupaka mankhwala oletsa kuumbika. Potassium nitrate ndi wabwino mu thanki ya zomera zambiri ndi nsomba zochepa. Pamene nsomba zadzaza, nayitireti alimo kale wambiri, ndiye mungangodyetsa ndere. Pathumba mukaona K2O, mmene amalembera mlingo wa potaziyamu pa feteleza, dziwani kuti potaziyamu weniweni ndi magawo 83 pa 100 a nambala yalembedwayo.

Kuyeza n'kosavuta. Galamu imodzi ya potassium sulphate m'malita 100 imapereka mamiligalamu 4.5 pa lita. Popeza masikelo a kukhitchini savomera bwino galamu imodzi, ine ndimalangiza kusungunuliratu: magalamu 22 m'botolo la madzi oyera la theka la lita. Mukatunga mamililita 5 ndi sirinji n'kuthira m'malita 100, mwawonjezera miligalamu imodzi pa lita. Yambani ndi mamililita 25 pa sabata pa malita 100 alionse, mowagawa kawiri kapena katatu, ndipo muzithira pamene madzi akuyenda kuchokera mu fyuluta. Ufa wouma musauwaze mu thanki, nsomba zimauthamangira kuyesa chakudya. Powerengera malita chotsaniponi malo amene atengedwa ndi mchenga ndi miyala. Thanki yogulitsidwa ngati ya malita 100 nthawi zambiri imasunga madzi ocheperapo. Botololo lilembeni dzina, liikeni patali ndi ana, ndipo lisakhale la chakumwa.

Potaziyamu sauluka ngati nthunzi. Madzi akaphwera inu n'kungodzazitsa, iye amatsala ndi kuunjikana. Chomuchotsa ndi zomera ndi kusintha madzi basi. Pali masamu otonthoza mtima apa: mukamasintha theka la madzi sabata iliyonse, zimene mwathira sizingapitirire kuwirikiza kawiri mlingo wa pa sabata, ngakhale zomera zitapanda kudya kalikonse. Njira yothirira feteleza mu thanki yotchedwa Estimative Index imene anaitchukitsa Tom Barr wa ku America yagona pa mfundo imeneyi. Koma mukadumpha masabata angapo osasintha madzi, siyaninso kuthira. Madzi a pampopi muyambe mwawachotsa klorini.

Chenjezo lapadera lipite kwa amene amasunga nkhono za zigoba ziwiri zija zimakwiririka mumchenga. Zimenezi sizipirira potaziyamu ngati nsomba. Mu 2006, ku Millbrook Quarry m'chigawo cha Virginia ku America, anathira dala potassium chloride m'madzi kufikitsa mamiligalamu 100 a potaziyamu pa lita kuti aphe nkhono zowononga zotchedwa zebra mussel. Nkhonozo zinatha, nsomba zinatsala. Ngati muli nazo zamtunduwu, khalani cha kumunsi kwa mlingo.

Mukayamba kuthira, musayembekeze kuti timabowo titsekeka; tsamba lobooka silichira, lidulenipo. Patsani zomera masabata atatu kapena anayi, muone ngati masamba otsatira akukula athunthu. Ndipo ngati thanki yanu ili ndi mbuna komanso udzu wa Vallisneria, womwewu umamera m'malo osaya a m'nyanja yathu, khalani kaye pansi mphindi zingapo muyang'ane. Tsamba long'ambika kunsonga kapena lozulidwa ndi mizu yomwe, amenewo ndi mano a mbuna, ndipo palibe feteleza amene angalikonze.