Momwe mungapangire zizindikiro za maudindo a asilikali a dziko lopeka la ku East Asia

Ngati mukulemba nthano kapena kukonza gemu momwe China, Japan ndi Korea zasanduka dziko limodzi, musathamangire kujambula. Yambani mwasanja maudindo. Maiko amenewa amagawa maofesala patatu, ang'ono, apakati ndi akuluakulu: ku China amati wei, xiao ndi jiang, ku Japan i, sa ndi sho. Pa phewa la ofesala wamng'ono wa ku China pamakhala mzere umodzi, wapakati mizere iwiri, nyenyezi n'kumasiyanitsa wamkulu ndani. Alinso ndi udindo wa nyenyezi zinayi pakati pa kolonelo ndi jenerale. Utengeni, gulu lankhondo lalikulu chonchi limaufuna.

Kenako sankhani chizindikiro cha dzikolo. Japan amaika duwa la sakura, South Korea duwa la mugunghwa, Taiwan duwa la plum. Mukangotola limodzi mwa amenewa, owerenga aziti dziko limenelo ndi lomwe linameza anzake, choncho pekani lanu. Dzuwa la cheza chofiira lija la pa mbendera ya asilikali a ku Japan lisiyeni, ku Korea ndi ku China limakumbutsa nkhondo. Jambulani mu Inkscape, pulogalamu yojambulira pakompyuta, ndi yaulere. Pulogalamu ina ya Illustrator amalipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo ija amagulitsa anyamata pa flashi nthawi zambiri imabwera ndi mavairasi.

Pomwe panandivuta ine ndi popeta. Duwa langa linali ndi masamba ambirimbiri ndi timizere tosongoka, pakompyuta lokongola zedi. Wopeta atalichepetsa kuti likwane pa phewa, linangotuluka chibulunga chachikasu, meja ndi kolonelo osasiyana. Ulusi sulowa m'timipata momwe inki imalowa, umakokanso nsalu. Masamba asanu akwana, mizere ikhale yonenepa, pakati pa nyenyezi pakhale danga. Musanapite kwa wopeta, sindikizani papepala pa kukula kwake kwenikweni, matani pakhoma, mubwerere m'mbuyo ndithu. Mukalephera kuwerenga udindowo, chotsaniko zina. Wopetayo ayambe wapeta chimodzi chokha muone kaye. Mugwirizanenso poyamba za fayilo ya makina opetera, ija ya DST: ena amati kuikonza ndi ulere, kenako n'kuikaniza kuti musapite nayo kwina.

Zotsalazi n'zosavuta. Asilikali wamba apatseni mizere yopingasa, umodzi mpaka inayi monga ku South Korea. Apanyanja mizere yagolide kumapeto kwa mkono wa jekete, za pa yunifolomu yovala kutchire zikhale za mitundu yosawala. Ngati dziko lanu linabadwa ndi chipolowe, mutha kulisiya zaka zingapo lopanda maudindo. China inawathetsa mu 1965, n'kudzawabwezeretsa mu 1988.