Kuchepetsa mavoti a RAM ndi purosesa kuti batire la inveta likhalitse

Achimwene a ku Mbare, ku Harare, afunsa ngati kugula RAM (memore ya kompyuta) ya mavoti ochepa kungatalikitse batire magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe, akathima. Phindu lilipo, koma ndi lochepa. RAM ya mtundu wa DDR3 imadya 1.5V, ya DDR3L 1.35V, ndipo kusiyana kwake pa kachidutswa kamodzi nthawi zambiri sikufika ngakhale wati imodzi. Chimene chimameza magetsi ndi purosesa (CPU), bongo wa kompyuta, choncho tsitsani mavoti ake.

Yambani ndi kulumikiza mita yoyezera mawati pa soketi, mulembe zimene kompyuta ikudya. Kenako lowani mu BIOS (menyu yosinthira zinthu imene mumalowa kompyuta ikangoyaka), mupeze CPU Core Voltage, musankhe Offset, muike -0.050V. Sungani, muyatsenso, muyendetse Prime95, pulogalamu yopanikiza purosesa, ola lathunthu. Ikapirira, tsitsaninso ndi 0.010V, pang'onopang'ono. Ikangozima yokha kapena kuonetsa sikirini ya buluu, mwapyola malire, bwererani masitepe awiri. Ikakaniratu kuyaka, zulani pulagi, muchotse kabatire kozungulira ka CR2032 pa bodi ya kompyuta kwa mphindi zisanu.

Mavoti a RAM musamawaseweretse. Ikaperewera mphamvu imaononga mafailo mwakachetechete, choncho mukawasintha yesani ndi MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, usiku wonse.

Malaputopu ambiri a Intel anatsekedwa njira yotsitsira mavoti a purosesa chitulukireni vuto la chitetezo lotchedwa Plundervolt mu 2019. Pamenepo ingochepetsani kuwala kwa sikirini.