Kusankha na kugula zida zokonzela njinga yamoto panyumba

Malangizo awa anabwela m'Cingelezi, ndipo ninapemphedwa kuwaika m'Cinyanja kuti azipita pamodzi na bokosi la zida. Mbali zouza munthu kutsegula bokosi, kuwelenga zida na kusunga lisiti nangozidutsa. Mawu a kampani nawaika m'zizindikilo za mawu ogwidwa. Zotsalazo ni zanga, zocokela ku zaka zimene nakhala nikukonza njinga yanga nekha.

"Wogula akulangizidwa kuwelenga buku la njinga yake asanasankhe zida. Zida ziyenela kugwilizana na miyezo ya mabauti na manati a njingayo. Kusewenzetsa cida cosagwilizana na muyezo kungawononge njinga kapena kuvulaza munthu."

Kampani yalekela pamenepo, koma nkhani yonse yagona pa mawu akuti muyezo. Njinga zopangidwa ku Japan, China na India zimayendela mamilimita, ndipo mitu ya mabauti imene mudzakumana nayo tsiku na tsiku ni 8, 10, 12, 14, 17 na 19. Pa njinga za ku Ulaya mumapeza 13 pamalo amene za ku Japan zili na 12. Za ku America monga Harley-Davidson zili na mabauti ambili a mainchi. Sipanala ya hafu inchi ni mamilimita 12.7. Ikalowa pa mutu wa 12 imaoneka ngati yagwila, koma kampata kakang'ono kotsalako ndiko kamadya makona a bauti mpaka mutu kubulungika. Conco musakopeke na bokosi lolembedwa kuti lili na zida 150 pamene hafu yake ni ya mainchi amene njinga yanu ilibe.

Musanapite kukagula, zungulilani njinga yanu na kulemba miyezo papepala. Musaiwale nati ya ekiselo ya wilo yakumbuyo, cifukwa kawili-kawili imakhala yaikulu kuposa sipanala yothela m'bokosi.

Masipanala na masoketi

Sipanala yoyamba kugula ni ija ya mbali ziwili, kuno kotseguka uko kozungulila. Pomasula bauti yolimba yambani na mbali yozungulila, imene imakumbatila mutu wonse. Yotseguka imagwila malo awili cabe, ni yofulumizila bauti ikakhwefuka kale. Kokelani sipanala kwa inu, osati kukankha. Bauti ikamasuka mwadzidzidzi mukukankha, zala ndizo zimakamenya injini.

Kampani yaika shifita, sipanala ija ya kamwa losinthika, pa mndandanda wa zida zofunika. Ine nikuti khalani nayo, koma muziitenga pothela. Kamwa lake limagwedela, ndipo pa nati yaing'ono imawononga kuposa kuthandiza. Cimene sanalembe n'cakuti miyezo ina imafunika iwili-iwili. Pokoka cheni pamakhala nati yosinthila na ina yokhomela, ndiye imodzi mumaigwila pamene ina mukuizungulitsa. Ndipo sipanala ya 10 gulani ziwili basi, imeneyi ili na miyendo.

Pa masoketi, tumakapu twacitsulo tovala pa mutu wa bauti, pali liwu lakuti drive, limene lilibe mnzake m'Cinyanja. Ni kamutu ka makona anayi ka pa ratchet (cogwilila cozungulitsila soketi) kamene kamalowa kumbuyo kwa soketi. Kali na misinkhu itatu yofala, 1/4, 3/8 na 1/2, ndipo imeneyi imachulidwa m'mainchi ngakhale soketiyo ikhale ya mamilimita. Musadabwe nazo. Ngati ndalama zikulola seti imodzi, tengani ya 3/8, imafika pa nchito zambili za njinga. Ya 1/4 ni ya tumabauti twa pa makava, ya 1/2 ni ya ekiselo na sipuloketi.

Suzumilani mkati mwa soketi. Ina ili na makona 6, ina 12. Ya 12 imalowa mosavuta pamalo opanikizika, koma ya 6 ndiyo imagwila bauti yadzimbili osateleleka. Sankhani ya 6. Pa ratchet funsani za mano ake. Ya mano 72 imafuna kusuntha madigili 5 cabe kuti igwilenso, ndipo zimenezi mumaziyamikila dzanja lili kuseli kwa felemu.

"Zida zathu n'zopangidwa na citsulo ca chrome vanadium." Zilembo zake pa cida ni Cr-V. Citsuloco n'cabwino, koma zilembo aliyense angadinde. Ikani m'thumba bauti imodzi yatsopano ya muyezo wa njinga yanu, mukaiyese m'sitolo. Sipanala yabwino imalowa bwino-bwino osagwedela. Onaninso ngati utoto wonyezimila wayamba kusupuka m'makona cida cikali catsopano. Cikatelo cisiyeni.

"Musatalikitse cogwilila ca ratchet na paipi." Apa nigwilizana nawo kothelatu, cifukwa mano a mkati amathyoka. Pa nati yokana pali cida cake, breaker bar, mtengo wacitsulo wautali wopanda mano.

Ma Allen key, omasulila mabauti a dzenje la makona 6 pamutu, ofunika ni 4, 5, 6 na 8. Aja a kampila kumapeto ni ofikila pamalo okhota, koma musamasulile nawo bauti yolimba. Pulayazi wamba, yakamwa kosongoka na yodulila waya, zonsezi mukuzidziwa.

Sikuludilaiva imene ambili sadziwa

Kapepala ka kampani kangoti "masikuludilaiva a mitundu yosiyana-siyana." Pamenepa pali msampha. Masikulu a mtanda a pa njinga zambili za ku Japan, maka-maka zakale, si a Phillips, mtundu wa mtanda umene tinazolowela. Ni a muyezo wochedwa JIS, ndipo ambili ali na kadontho kamodzi pambali pa mtandawo. Maso amaona ngati n'cimodzi-modzi. Koma nsonga ya Phillips siikhala pansi bwino m'sikulu ya JIS. Mukalimbikila imakwela n'kutuluka, ndipo ikatuluka kawili katatu mtanda uja wasanduka dzenje. Masikulu a pansi pa kabuleta na a pa kabokosi ka mafuta a buleki ndiwo amafa imfa imeneyi. Sikuludilaiva ya JIS nambala 2 imagwila nchito zambili, ndipo imagwilanso masikulu a Phillips. Mukaipeza, itengeni.

Pa sikulu imene yakana pali impact driver ya pamanja. Mumaiika pa sikulu, kuipotolela kumbali yomasulila, n'kumenya kumbuyo kwake na hamala. Kumenyako kumakankhila nsonga pansi uku kukuizungulitsa. Pa kava ya injini imacita zodabwitsa. Pa kabuleta musaiyese, citsulo cake n'cofewa ndipo cimasweka.

Torque wrench

Liwu lakuti torque linanisowetsa tulo. Ninayesa "mphamvu," koma silikwana, popeza munthu mmodzi-modzi na mphamvu imodzi-modzi amamanga kwambili akagwila sipanala yaitali. Tinene kuti ni mphamvu yopotola, kapena mlingo wa kamangidwe ka bauti. Amaipima m'ma Nm, cidule ca newton mita. Torque wrench ni sipanala imene mumaichela pa nambala yolembedwa m'buku, ndipo mukafika pa nambalayo imalila kuti "ke." Mukamva kulilako lekani. Musabwelezenso kuti mutsimikize, cifukwa kubweleza kumapitilila muyezo.

Cida cimeneci ambili amaciona ngati ca anthu onyada. Inenso n'nali kuganiza conco mpaka tsiku limene ninamanga bauti yotulutsila oilo na dzanja laukali. Inalimba, inalimbabe, kenaka mwadzidzidzi inafewa n'kuyamba kungozungulila. Poitulutsa, mazinga a injini anatuluka nayo pamodzi ngati kawaya kosiliva kokulungika. Bauti ni yacitsulo, injini ni ya aluminiyamu, ndipo pakati pa ziwilizi cogonja ni injini. Nchito ya mphindi khumi inasanduka yokankha njinga kupita kwa makanika.

Torque wrench imodzi siikwanila njinga yonse. Tumabauti twa mutu wa 8 kapena 10 twa pa kava ya injini tumafuna pafupi-fupi 10 Nm, pamene nati ya ekiselo imafuna kuwilikiza kangapo. Cida cimeneci sicilondola kwenikweni kumunsi kwa sikelo yake, conco yaikulu musaidalile pa tumabauti tung'ono. Onani m'buku manambala a nchito zimene mudzacita kawili-kawili, mugule imene manambalawo akugwela capakati. Cenjelaninso na sikelo. Zina zimaonetsa Nm mbali imodzi na lb-ft mbali ina, ndipo 1 lb-ft ni pafupi-fupi 1.36 Nm. Mabuku akale amalemba kgf-m, pamene 1 ni pafupi-fupi 9.8 Nm. Kusokoneza izi ni kuthyola bauti.

"Mukatha kusewenzetsa, bwezani cida pa nambala yotsika kwambili ya sikelo. Musacisewenzetse pomasula mabauti. Musacigwetse." Cifukwa cake ni sipuling'i ya mkati, imene ikakhala yopanikizika nthawi yaitali imayamba kunama. Niwonjezeko kuti manambala a m'buku ni a mazinga ouma pokhapo ngati bukulo lanena kuti mupake oilo. Mazinga a oilo amatelela, ndipo bauti imamangika kupyola muyezo cida cisanalile.

Pulagi, mavalavu na magetsi

Soketi ya pulagi ni yaitali, ndipo yabwino ili na kamphila mkati kogwila pulagi. Miyezo yofala ni 16, 18 na 21. Pitani na pulagi yakale pokagula. Pobweza pulagi yambani na zala mpaka itakhala pansi, sipanala ibwele pothela. Ikakana pa kuzungulila koyamba, yalowa mopingasa, itulutseni.

Feeler gauge ni tumalata topyapyala tomangidwa pamodzi ngati mpeni wopinda, kalikonse kolembedwa kunenepa kwake. Timapimila mpata wa mavalavu na wa pulagi. Gulani imene ili na tumalata toyambila pa 0.05 mm kapena kucepelapo, popeza mipata ya mavalavu a njinga zing'ono-zing'ono ni yaing'ono conco. Tumalata twambili tuli na manambala awili, la mamilimita na la mainchi. 0.05 mm ni 0.002 inchi, ndiye welengani bwino. Mavalavu amapimidwa injini itazizila. Kalata koyenela kamadutsa mokoka pang'ono, osati mothina, osatinso mwaulele.

Multimeter, cida copimila magetsi, yochipa ni yokwana. Batile ya 12 V yodzala imaonetsa pafupi-fupi 12.6, ndipo injini ikuyenda nambala iyenela kukwela kufika pakati pa 13.5 na 14.5. Ikapanda kukwela, vuto lili ku cocajila, batile yatsopano siidzathandiza. Pocotsa batile yambani na waya wa negative, pobweza mutsilize nawo.

Za matayala n'zacidule. Tumipilingidzo tocotsela tayala tukhale tutatu, twa nsonga zosalala. Sikuludilaiva imaboola chubu. Gulani geji ya mphepo yapayokha, mupime matayala asanatenthe na ulendo. Nambala ya cheni, monga 428 kapena 520, yadindidwa pa mfundo zake, ndipo codulila cheni cigwilizane nayo. Kakilipi ka pa mfundo yolumikizila kaikidwe mbali yotsekeka ikuyang'ana kumene cheni ikupita. Cheni ya tumphila m'mfundo itsukeni na palafini, petulo imaononga tumphilato.

Zimene simuyenela kugula lelo

Kumapeto kwa kapepala kuli zithunzi za zida zapadela, cokokela magineto, cogwilila kilachi na zina. Izi zimasiyana njinga na njinga, mpaka mazinga ake, ndipo zokokela magineto zina zili na mazinga a kumanzele. Dikilani mpaka nchito yake itafika, mugule ca njinga yanu yeniyeni kapena mubweleke. Cimene simuyenela kucita ni kumenya magineto na hamala kuti icoke, cifukwa maginito ake na shafti ya injini zimaonongeka.

Ndalama zimenezo ziikeni pa sitandi. Njinga yopanda sitandi yapakati imafuna yonyamulila wilo yakumbuyo, yoimikidwa pamalo olimba ndi osapendekeka. Njinga yokhazikidwa pa njelwa imagwa pa nthawi imene mukukoka nati yolimba, mwendo wanu uli pansi pake. Masulani pang'ono nati ya ekiselo wilo ikali pansi, ndiye munyamule.

"Valani magalasi oteteza maso. Musalize injini m'cipinda cotseka. Musasute fodya pafupi na mafuta." Utsi wa injini uli na mpweya wa carbon monoxide umene sununkha, ndipo umagonetsa munthu asanadziwe kuti zinthu zavuta. Mafuta a buleki amasupula penti, conco phimbani thanki na nsalu. Sewenzetsani mtundu wolembedwa pa civindikilo ca kabokosi ka mafuta a buleki, ndipo DOT 5 musaisakanize na DOT 3 kapena DOT 4. Mukatha kukonza mabuleki, finyani cogwilila kangapo mpaka cilimbe musanakwele njinga.

"Citsimikizo ca kampani sicikhudza cida cimene casinthidwa, catenthedwa pamoto, camenyedwa na hamala kapena catalikitsidwa na paipi." Dziwani kuti zipsela za hamala na za paipi zimaoneka pa cogwilila, ndipo wa m'sitolo amayamba kuyang'ana pamenepo asanayang'ane lisiti.