Kuika geji ya kutentha kwa oyilo pa njinga yamoto

Mwafunsa mmene mungaikire geji yogula padera yoonetsa kutentha kwa oyilo. Pa njinga zomwe injini yake imazizira ndi mphepo, malo osavuta a sensa (kachipangizo komva kutentha kwa oyilo n'kutumiza ku geji) ndi pa bawuti yokhetsera oyilo, pansi pa injini.

Musanagule chilichonse, yezani mazinga a bawutiyo. Sensa zambiri zimabwera ndi mazinga a muyeso wotchedwa 1/8 NPT, ndiye pamafunika adaputa (kachitsulo kolumikizira sensa ku injini) yogwirizana ndi bowo la bawuti yanu. Chonde musakakamize yosagwirizana, mazinga a aluminiyamu sachedwa kutha.

Khetsani oyilo injini ikadali yofunda. Mangani adaputa ndi washala watsopano wa kopa, kenako sensa, koma osalimbitsa mopyola muyeso. Waya wa sensa adutse m'mbali mwa felemu, kutali ndi ekizozi ndi tcheni. Geji imangeni pachiwongolero. Waya wofiira mulumikize pomwe moto umafika pokhapokha kiyi ikatsegulidwa, kudzera pa fuyuzi. Mukalunjika pa batire, geji izingodya moto usiku wonse. Wakuda apite pa felemu.

Thirani oyilo, lizani injini, suzumirani pansi ngati pakudontha. Pamsewu, madigiri a Celsius 80 mpaka 110 ndi abwino. Geji ikadutsa 130 mukukwera chitunda ndi katundu, imani injini ipume.