Momwe mungafufuzire ngati zomwe anthu amadya zikugwirizana ndi BP yawo

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera. Izi ndi zomwe zinandichititsa kuyenda khomo ndi khomo m'mudzi wina ku Dedza, kufunsa anthu za kadyedwe kawo.

Yambani ndi chilolezo chochitira kafukufuku. Ophunzira a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amadutsa ku komiti ya pa yunivesitepo yovomereza kafukufuku, ena amapita ku komiti ya boma ya National Health Sciences Research Committee. Mukachipeza, kaonekereni kwa amfumu ndi kwa alangizi a zaumoyo a deralo, ndipo aliyense avomere yekha musanamufunse kanthu.

Funsani zonse zomwe munthu anadya dzulo, kuyambira podzuka mpaka pogona. Musati "Munadya kadzutsa?" chifukwa ambiri angoti ayi. Nenani kuti, "Mayi, mutadzuka, choyamba kulowa m'kamwa chinali chiyani?" Apo ndiye patuluka mbatata yootcha, nzimbe ya kudimba, thobwa la kwa aneba. Tsiku lotsatira maliro kapena ukwati lidumpheni, ndipo mubwererenso tsiku lina kwa munthu yemweyo.

Pomwe ndinagwa ine ndi pa muyeso. Munthu akati "ndinadya mitanda iwiri" simunamvebe kanthu, poti chipande cha nyumba iyi sichifanana ndi cha nyumba iyo. Ndinkapempha amayi kuti aomole mtanda monga amachitira masiku onse, ine n'kuuika pa sikelo. Koma sikeloyo ndinagula kwa venda wina mu tauni, pafupifupi theka la mtengo wa m'sitolo, ndili wokondwa kuti ndapulumutsa ndalama ya minibasi. Patatha sabata ziwiri ndinayeza mtanda umodzi kawiri, manambala n'kusiyana kwambiri. Nditaikapo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, sikelo inaonetsa zina. Ntchito yonse ya masiku amenewo inapita m'madzi, ndipo zinandiwawa kubwerera kwa agogo omwe anali atandiphikira nsima dzuwa likuswa mtengo, kukawapemphanso. Tsopano m'mawa uliwonse ndimayamba ndayesa sikelo ndi paketi ya shuga yosatsegula, ndipo mabatire apadera sachoka m'chikwama. Gulani m'sitolo yopereka lisiti. Pomwe banja limadyera m'mbale imodzi, yezani mbale yonse, kenako munthuyo akuonetseni gawo lomwe iye anadya.

Za mchere funsani amene amaphika, osati abambo a panyumba. Atape ndi dzanja monga amathirira m'ndiwo, inu muyeze, mugawe ndi chiwerengero cha odya. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Lembaninso soda wa m'therere, nayenso ali ndi sodium, chinthu cha mu mchere chomwe chimakweza BP.

Zotsalazo n'zachidule. Yezani thupi ndi msinkhu. BP muyeze munthu atakhala pansi mphindi 5, mubwereze, ndipo ikafika 140/90 mutumizeni kuchipatala. Funsani za fodya, mowa ndi ntchito yomwe amagwira. Zakudya muzigawe m'magulu 6 aja omwe a zaumoyo amaphunzitsa. Polemba lipoti musathamangire kunena kuti mchere ndiwo wakweza BP ya wakutiwakuti, chifukwa zaka ndi kunenepa nazo zimalowererapo. Mutchulenso mwezi womwe munafunsa, poti mbale ya mu Febuluwale si ya mu Meyi.