Momwe mungakonzere ulendo wokaona fakitale ya m'dera lanu kudzera kwa khansala

Ambirife timadutsa pa geti la fakitale tsiku ndi tsiku, kaya ndi ku Makata ku Blantyre, ku Kanengo ku Lilongwe kapena kumafakitale a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, timangoona utsi ndi malole kulowa kutuluka koma zamkatimo sitizidziwa. Tikamafika pagetipo ndiye kuti tikufuna ganyu basi. Chonsecho kampaniyo ili mu wodi yanu, malole ake ndi omwe akukumba msewu wanu ndipo madzi omwe yagwiritsa ntchito akupita penapake pafupi ndi inu nomwe. Kupempha kukaona si kupempha chifundo ayi, bola mudzere njira yake.

Choyamba musapite panokha. Mukapita ngati gulu la anyamata a pa WhatsApp mulonda akubwezani pageti pompo ndipo sanalakwe. Nkhaniyi iyambire ku komiti, kumudzi ndi VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) kenako ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), mtauni yambani ndi mabuloko lida ndi komiti ya chitukuko ya wodi. Onetsetsani kuti mlembi waiyika mu maminitsi, ndi tsiku lake, chifukwa pepala limenelo ndi lomwe lizikutsegulirani zitseko kutsogoloku. Amfumu auzeniko msanga, asamve kwa ena.

Kenako kaonaneni ndi khansala. Apa mpomwe ambiri timasochera, timathamangira kwa a MP pa chilichonse, mwina poti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala ndiye tinazolowera choncho. Koma malinga ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998 nkhani za zinyalala, ukhondo, misika ndi ziphaso za mabizinesi ambiri ndi za khonsolo, ndipo khansala ndi amene amakayankhula m'makomiti a khonsoloyo, monga ya zaumoyo ndi zachilengedwe kapena ya zachuma. Muwapemphe a khansala zinthu ziwiri, kuti kalata yopempha kukaona fakitaleyo idzere ku ofesi ya DC (kapena kwa mkulu wa khonsolo ngati muli mu mzinda) komanso kuti paulendowo pakhale ofisala mmodzi wodziwa ntchito, wa zachilengedwe kapena wa ku leba. Inu mukhoza kuona thanki ya madzi akuda n'kungoti eee zamakono, iye adziwa ngati ikugwiradi ntchito.

Kalatayo ikhale yaifupi. Ndinu ndani, mubwera angati, mukufuna kuona chani, ndipo perekani masiku awiri kapena atatu kuti asankhe okha. Anthu 10 kapena 12 akwana, mukachuluka ngati ulendo wa ukwati akulowetsani mu holo n'kukuonetsani zithunzi pakhoma basi, kumakina simufikako. Lembani kwa manijala wamkulu, kope ina ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo yanu aidinde pa risepishoni musanachoke. Pakatha sabata imbani foni, ikatha ina imbaninso, osatopa.

Za tsiku ganizirani nyengo. Fakitale ya shuga ngati ya ku Nchalo kapena Dwangwa imagaya nzimbe m'chilimwe, nthawi ya dzinja amakhala akukonza makina ndiye mukangoona zitsulo zili phee. Tiyi ndiye zosiyana, amachuluka nthawi ya mvula. Makampani a fodya ku Kanengo amatanganidwa msika ukatsegulidwa cha mu Epulo kupita mtsogolo. Pitani pomwe makina akulira, ndi pomwenso mungaone anthu a ganyu ali ambiri ndi momwe akugwirira ntchito.

Nkhani ya alawansi ithereni kumudzi konko. Auzeni anthu poyera kuti kulibe kusayinira, thiransipoti tisonkha tokha kapena tipempha galimoto ku khonsolo, wosafuna atsale. Ndipo musakalandire envulopu ku kampani, fanta ndi bisiketi palibe vuto, koma envulopu ikalowa m'thumba pakamwa pamatsekeka.

Kavalidwe: nsapato zotseka, osati masilipasi. Amayi chitenje chimangidwe bwino kapena valani zosalendewera chifukwa malamba a makina sadziwa mlendo. Tengani chiphaso cha unzika, pageti amalemba. Kujambula funsani kaye.

Tsopano mafunso, apa ndiye pagona nkhani yonse. Mugawane musanakwere galimoto, aliyense lake, apo ayi ayankhula ndi a tcheya okha kuthokoza mphindi 20 kenako nthawi yatha. Wina afunse za ntchito, kuti mwa ogwira ntchito onse ndi angati olembedwa mokhazikika, angati a ganyu, nanga a m'dera lino ndi angati, ndipo ntchito ikapezeka amalengeza kuti poti ambiri timangomva kuti alemba kale. Wina afunse za zipangizo, soya, mpendadzuwa, mtedza kapena chimanga chomwe akugayacho amagula kwa ndani, kwa mavenda kapena kumakopaletivi, amafuna chouma bwanji, matani angati kuti atumize lole. Funso limeneli lokha likhoza kupindulira kalabu ya alimi kuposa mjigo womwe mumafuna kukapempha. Wachinyamata afunse ngati amatenga ophunzira a TEVETA (bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja) kudzaphunzira ntchito, ndipo kalata yake imapita kwa ndani.

Za madzi akuda musafunse muli mu ofesi. Nenani mwaulemu kuti bwana tionetseniko pomwe paipi yanu imathera, muyende nawo mpaka kuseri kwa mpanda, muone mtundu wa madziwo, mununkhize. Amene anakhalako ku Blantyre akudziwa momwe mtsinje wa Mudi umaonekera nthawi zina, ndiye si funso lamwano. Ofisala uja afunse mapepala a MEPA, bungwe loona zachilengedwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2017, ndipo ngati akupanga zakudya kapena zakumwa onani chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, pa paketi. Mukamayenda maso akhale pa ogwira ntchito, avala magambuti, magolovesi, zotseka m'makutu? Ngati zonse zili zatsopano mbee ngati zatuluka mu pulasitiki m'mawa womwewo, lembani zimenezo. Koma musamupanikize wantchito ndi mafunso bwana wake ali pompo, inu mupita kwanu iye atsala.

A kampani nawonso apatseni mpata adandaule, mumva za kuzimazima kwa magetsi, mtengo wa dizilo wa jenereta, kusowa kwa ndalama zakunja zogulira masipeya, mwinanso msewu kapena ngalande yomwe khonsolo inalonjeza kalekale. Izi a khansala azimve ndi makutu awo, ndi mbali ya ntchito yawo. Zopempha mayunifolomu a timu ya mpira sungani, mudzalemba kalata ina tsiku lina.

Mukabwerako sabata isathe musanalembe lipoti, tsamba limodzi kapena awiri, zomwe mwaona, zomwe alonjeza, walonjeza ndani ndipo pofika liti. Asayine a tcheya, mlembi ndi khansala. Kope imodzi ku ADC kapena komiti ya wodi, ina ku khonsolo kuti ikalowe mu komiti yoyenera, ina ibwerere ku kampani konko pamodzi ndi mawu othokoza. Ndiye funsani kuti msonkhano wa khonsolo yonse uliko liti mukakhale kumbuyo kumvetsera ngati a khansala aitchule nkhaniyo. Mukaona kuti zangoti zii, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, lembani kalata ku khonsolo yopempha maminitsi a komitiyo ndi lipoti la ofisala amene munapita naye, nayonso aidinde pa risepishoni.