Momwe mungatchajire galimoto yamagetsi pamalo a anthu onse ndi zoyenera kuchita makina akavuta

Malo otchajira galimoto zamagetsi akadali ochepa m'dziko muno, choncho woyendetsa amene akunyamuka pa Kasungu kulowera ku Lilongwe pa msewu wa M1, womwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130, ayenera kudziwiratu kumene akatchaje. Musananyamuke, imbirani eni malowo mufunse ngati makina akugwira ntchito komanso ngati magetsi alipo tsiku limenelo, ndipo konzani ulendo wanu kuti mukafike batire isanatsike pansi pa 20 peresenti.

Chimene chimakhumudwitsa ambiri ndi pulagi. Galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, monga Nissan Leaf, zili ndi polowetsera pawiri kutsogolo, pa CHAdeMO potchaja mofulumira ndi pa Type 1 potchaja pang'onopang'ono, pamene zochokera ku Ulaya zimagwiritsa ntchito Type 2 ndi CCS2, ndipo zambiri zopangidwira msika wa ku China zili ndi GB/T. Mapulagi amenewa salowana, ndipo kukakamiza kumangothyola mapini omwe kuwapeza kuno n'kovuta. Dziwaninso mphamvu ya makinawo, yomwe imayezedwa mu makilowati (kW): a 7 kW amatha maola pafupifupi 6 kudzaza batire ya 40 kWh (muyeso wa magetsi amene batire imasunga), pamene a 50 kW amaifikitsa pa 80 peresenti pasanathe ola limodzi.

Mukafika, imikani galimoto moti chingwe chifike osakokedwa, ikani giya pa P, mangani handibuleki ndi kuzimitsa galimoto. Musanalowetse pulagi, iyang'aneni mkati. Nyengo ya fumbi mabowo ake amadzaza dothi, nyengo ya mvula mumatha kukhala madzi, ndipo mukaona mapini akuda ngati opserera kapena chingwe chosendeka, asiyeni makinawo. Ngati zonse zili bwino, tsatirani ndondomeko yolembedwa pa sikirini, chifukwa makina ena amafuna mulipire kaye pamene ena amafuna muyambe mwalowetsa pulagi. Ikankheni mpaka mumve yagwira, ndipo musachokepo mpaka manambala a kW atayamba kuoneka. Zimachitika kuti munthu amapita kukadya nsima, pobwera n'kupeza batire ili pomwe anaisiya.

Makina akakana kuyamba, imitsani zonse, zulani pulagi, dikirani mphindi imodzi ndi kuyambiranso, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala lakuti galimoto ndi makinawo sizinamvane. Onaninso ngati m'galimoto simunatchere nthawi yoti izitchaja usiku wokha. Batani lofiira loimitsira makina pangozi likakhala kuti wina analidina, makinawo sayaka, koma musalimasule nokha musanafunse woyang'anira chifukwa chimene analidinira. Ndalama zikachoka pa foni koma magetsi osabwera, musalipire kachiwiri, ndipo sungani uthenga wotsimikiza malipirowo.

Magetsi akazima muli mkati motchaja, galimoto imasiya yokha kulandira mphamvu, ndipo akayaka nthawi zambiri mumayenera kuyambitsanso makinawo. Kutchaja kukachedwa, musafulumire kuwanena makina. Batire ikadutsa 80 peresenti galimoto imachepetsa dala liwiro lotchajira pofuna kuiteteza, ndipo imachitanso chimodzimodzi ikatentha, makamaka mu Okutobala mutayenda mtunda wautali masana. Leaf imamva kutentha msanga chifukwa batire yake ilibe madzi oiziziritsa. Pamalo a anthu onse ndi bwino kulekera pa 80 peresenti, kuti amene ali pamzere apeze mpata.

Pulagi ikakana kutuluka musaikoke ndi mphamvu, chifukwa imakhala yokhomedwa kuti isazuke magetsi akuyenda. Imitsani kaye kutchaja pa sikirini kapena pa foni, kenako tsegulani maloko a zitseko ndi rimoti. Zikakanikabe, buku la galimoto yanu limasonyeza njira yomasulira ndi dzanja. Mukamva fungo la kupserera kapena kuona utsi, dinani batani lofiira lija, talikirani ndi kuitana eni malo. Musatsegule makinawo ngakhale mutakhala odziwa zamagetsi. Popereka dandaulo, tchulani nambala ya makina, nthawi imene vuto lachitika ndi uthenga umene waoneka pa sikirini, ndipo mukaujambula ndi foni, okonza adzadziwa poyambira.